Eliness, Wotsuka Mabotolo a mu Labu

Eliness Jailosi anabadwira ku Ligowe, ndipo sukulu analekeza Fomu 2. Ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mlamu wake anamupezera ntchito ku Blantyre, yotsuka mabotolo mu labu ya mayi wina wasayansi, Dokotala Chrissy. Anagwirako zaka zisanu ndi zinayi.

Dokotalayu sankachiza anthu. Ankafufuza za maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi la munthu. Tsiku lina anapeza Eliness akusuzumira m'makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. M'malo momukalipira, anamukokera mpando.

"Selo likakalamba kapena likawonongeka, limalandira uthenga woti life," anatero dokotalayo. "Likamvera limafa, lina n'kulowa m'malo. Likasiya kumva, limangoswana osaleka. Khansa ndi imeneyo. Ine ndikufufuza pamene uthengawo umadukira."

"Ndiye mukapapeza, anthu azichira?"

"Mwina adzukulu ako. Ifeyo chotipulumutsa n'kuipeza msanga basi."

Kafukufuku atatha mu 2018, dokotala anapita kunja, Eliness n'kubwerera ku Ligowe kukalima chimanga ndi nandolo. Kumudziko sanatseke pakamwa. Pachigayo, pamjigo, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ankauza amayi kuti akayezetse khomo la chiberekero. Ena ankamuseka, koma ambiri anapita. Atatu anawapeza matenda akungoyamba kumene, anathandizidwa, ndipo mpaka lero akulima.

Mkulu wake weniweni, a Dailesi, anakanitsitsa.

"Ine ndikavule pamaso pa tiana ta kuchipatala tija? Ndabereka ana asanu popanda zimenezo."

"Achemwali, n'kanthawi kochepa."

"Ukawauze omwe amakumverawo."

Patapita zaka zitatu a Dailesi anayamba kutaya magazi, chonsecho anali atasiya kale kusamba. Anabisa miyezi isanu ndi iwiri, akumwa zitsamba. Eliness anadziwa ataona zitenje zambirimbiri zitayanikidwa kuseri kwa bafa, kumene munthu sayanikako zovala. Anawakweza njinga yamoto mpaka ku Neno Boma, ndipo kumeneko anawatumiza ku Blantyre. Madokotala anati khansa yafalikira kale, chotsala n'kuchepetsa ululu.

Pobwerera, minibasi ikulimbana ndi zitunda, a Dailesi anamugwira dzanja.

"Iwe unakhala nawo anthu amenewa. Kodi ndichira?"

Eliness anayang'ana kuwindo. "Muchira, achemwali."

Atafika analembera Dokotala Chrissy pafoni, kufunsa ngati kafukufuku uja anabala mankhwala. Yankho linabwera mawa lake: ntchito ikupita patsogolo, ofufuza ena ambiri akuigwiritsa ntchito, koma palibe chimene chingafike kwa a Dailesi. Anatinso asadumphitse mankhwala a ululu.

Eliness anawasamalira miyezi inayi. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa, fungo litathamangitsa ngakhale amuna awo. A Dailesi anamwalira mu Meyi, nthawi yokolola, akufunsabe kuti ayamba liti kupeza bwino.

Pamaliro panamveka manong'onong'o akuti matendawo anabwera ndi Eliness kuchokera ku ntchito yake ija. Iye anamva. Anatenga ana awiri aang'ono a malemuwo n'kukhala nawo.

Masiku ano salankhulanso pachigayo. Mayi akamutsatira kunyumba kudzafunsa, amamuuza tsiku loyeza kuchipatala, nthawi zina n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Iye mwini tsiku lake loyezetsanso linadutsa chaka chatha. Akuti apita akamaliza kukolola nandolo.