Dothi m'thumba la Tadala

Chizindikiro choyamba ndinachiona ndili pa njinga. Mdzukulu wanga Tadala amathamanga mamita 800, ndiye kuti kuzungulira bwalo kawiri. Ine, nkhalamba yokonza njinga ku Area 2, ndinkamuperekeza m'mawa m'misewu ya ku Area 10, kuja agalu ake ndi onenepa kuposa ife a ku Area 2. Masiku onse mwanayu ankandisiya pachitunda, ine lilime lili panja. Koma m'mwezi wa Meyi ndinayamba kumusiya ndine. Ndinkayesa unyamata wandibwerera.

Nthawiyo n'kuti atapambana kale pasukulu, pazoni, mpaka m'boma lonse la Lilongwe, ali chosavala nsapato. Aphunzitsi ake a masewera anali atamulembetsa kumpikisano wa achinyamata a dziko lonse, kumene amasankhako ana okathamanga kunja. Chaka chimenecho chinali chake chomaliza, chifukwa chaka chotsatira akanakhala atapitirira msinkhu.

Akathamanga pang'ono ankapuma wefuwefu. Ankadandaula chizungulire ndi mtima kugunda kwambiri, ndipo m'manja mwake munayera ngati wagwira ufa. Kenaka akazi anga, a Naphiri, pochapa yunifolomu yake anapeza m'thumba dothi lowotcha lija amagulitsa mumsika.

"Ulesi, chizungulire, pano dothi. Bambo, mukufunanso kuuzidwa ndi ndani? Mwanayu ali ndi pakati."

Anaitana amayi anzawo a kumpingo, n'kumutsekera mwana kuchipinda. Ine ndili pakhonde ndinkangomva, "Tchula dzina la mnyamatayo!" Tadala ankati palibe. Iwo ankati onse amatero. Anamuletsa zothamanga, ati kabudula ndiye wabweretsa zonsezi. Nditanena zoti tipite naye kuchipatala anandiyankha kuti, "Izi n'zachizimayi, inu kapopeni matayala anu." Ndinakapopadi. Juni yense anathera pa mlandu wopanda woimbidwa, mimba osaoneka, mwana akungothera m'chitenje.

Kumayambiriro kwa Julayi anagwa pampopi, ndowa ili kumutu. Apo sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinamukweza pakaliyala, a Naphiri akutsatira pambuyo ndi minibasi.

Kuchipatala munthu umaphunzira kukhala pabenchi. Tinadikira pa sikelo, tinadikira pakhomo la dokotala, tinadikiranso kolasa chala ndi koyeza chimbudzi. Tinalowa dzuwa likutuluka, zotsatira zinabwera anthu atadya kale nkhomaliro. Namwino anatsitsa chikope cha mwanayu, n'kundiyang'ana ine.

"Agogo, mwanayu munali naye kuti masiku onsewa? Magazi amuthera."

Dokotala anati mimba palibe. Anapeza njoka za m'mimba, zija zimalowera kumapazi munthu akamaponda ponyowa popanda nsapato, ndipo n'zimene zinkamumwa magazi. Anatinso dothi amalilakalaka aliyense amene magazi amuchepera, "ngakhale inuyo agogo." Ndinamupempha kuti abwereze mokweza, popeza akazi anga makutu awo amasankha zomva. Anabwereza. A Naphiri anangokonza duku lawo, n'kufunsa kuti kogona odikirira odwala n'kuti.

Anamugoneka masiku angapo, n'kumuika magazi. Potuluka anatipatsa mankhwala a njoka ndi timapiritsi toonjezera magazi tomwa miyezi ingapo. Anatichenjeza kuti asamamwere tiyi, ndiponso tisadabwe chimbudzi chikamada. Anati azidya nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi tikachipeza. A Naphiri anaonjezapo chidede chawo, ine sindinatsutse, bola mapiritsi akumwedwa. Za mpikisano dokotala anakaniratu. Anati mtima wagwira kale ntchito ya anthu awiri.

Mpikisano unachitika Tadala ali pamkeka. Anasankhidwa mtsikana wina amene Tadala ankamusiya kutali nthawi zonse. Aphunzitsi atabwera kudzatiuza, mwanayu sanalire. Anangotembenukira kukhoma. Dokotala uja anali atandiuza kuti tikanabwera mu Meyi, mapiritsi okha akanakwana ndipo mwina akanathamanga. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, makamaka ndikakumbukira kuti kuchoka kwathu kufika kuchipatala ndi ulendo woti munthu amayenda pansi. Amayi a kumpingo aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzapepesa. Ndikakumana nawo pamsewu ndimawafunsa ngati apeza dzina la mnyamata uja, iwo n'kuyamba kuyang'ana mitengo ya tomato.

Mvula itayamba Tadala anayambanso kuyenda mtunda, kenaka kuthamanga pang'onopang'ono, atavala nsapato za pakaunjika zomwe agogo ake aakazi anakasankha okha. Timapitabe kukayezetsa, ndipo ulendo watha anati magazi abwerera m'malo. Akudya ngati womanga nyumba. Kwa achinyamata sakuloledwanso, pano akupikisana ndi akuluakulu, ndipo mwezi wathawu anamaliza wachitatu pakati pa amayi a minofu ngati matayala a thirakitala. Chaka chake chija sichidzabweranso, koma mwanayo tili naye.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi chokha ndimvereni. Mwana akayamba kufooka, kaya akudya dothi, kaya akudya njerwa, musaitane bwalo. Thamangani naye kuchipatala, mlanduwo mukazenge pobwera.