Oreste Wopanda Chipani

Oreste Bardelli anabadwira ku Carrara, m'banja la ophwanya miyala yoyera ya m'phiri. Bambo wake anamusiyira nyundo ndi chiphunzitso chimodzi: munthu asalamulidwe ndi munthu mnzake, kaya mfumu, wansembe kapena bwana. Oreste anachimeza osatafuna. Ngakhale ukwati wake ndi Ersilia sanakaulembetse kwa aliyense, anangotengana basi.

Atayamba kulamulira dziko a chipani chankhanza cha malaya akuda, moni wokakamiza anali wokweza mkono. Wa Oreste unali m'thumba. Anam'mwetsa mafuta otsegula m'mimba, anamuthyola nthiti ziwiri, koma mkono m'thumba chikhalire. Mu 1932 anamugwira ndi timapepala tonyoza boma n'kumuponya pachisumbu cha andende. Chaka ndi chaka ankamupatsa pepala loti asaine kuti walapa, azipita kwawo. Iye ankangolibweza. Koma ndiye kuuma mutu munthuyu! Zaka khumi ndi chimodzi zinatha choncho.

Mu 1943 kunamveka kuti wolamulira wagwa. Sitima inabwera kudzatenga andende, chipani ndi chipani. M'thumba la Oreste munali kalata ya mlamu wake yoti Ersilia akutsokomola magazi ndipo sachedwa kumwalira.

"Chipani chanu, bambo?" anafunsa mkulu wa alonda, yemwe dzana lomweli ankamutchula galu.

"Ndilibe."

"Nanga mtsogoleri woti akuvomereni?"

"Tilibe mtsogoleri. Si chomwe munandimangira chimenecho?"

"Ine masiku ano sindimanga munthu. Ndikungotsata mndandanda. Opanda chipani adikire."

"Adikire ndani?"

Mlondayo anangotambasula manja.

Pamenepo anatulukira Amilcare, wandende mnzake wa chipani cha chikomyunizimu amene ankakangana naye tsiku lililonse pa mphika wa nyemba.

"Iwe mbuzi ya ku Carrara, saina apa kuti ndiwe wathu! Mkazi akufa uko, iwe ukulimbana ndi ndani? Mdani wagwa kale!"

Oreste mutu unaima. Kale zinali zosavuta: waona malaya akuda, kana. Lero cholembera chili m'manja mwa mnzake, mlonda akumuti bambo, boma lagwa koma khomo lili chitsekere. Akakana, akukana ndani? Akasaina, ndiye zaka zonse zija ankavutikiranji? Anatola cholembera, n'kuchisiya, n'kuchitolanso. Sitima italira kachiwiri anasaina.

Anafika kwawo patatha masiku asanu. Ersilia anali pabedi, atatha ngati nyali yopanda mafuta, koma maso anali ake omwe aja. Anamugwira kumaso, anamuseka kuti wachita dazi, kenaka anatembenukira azimayi amene ankamudwazika.

"Mwamuona? Si uja munkati mulembere asaine, adzakusamale? Ndinkakuyankhani chiyani ine? Oreste wanga sasaina!"

Azimayiwo anagwedeza mitu mwaulemu. Oreste anatsegula pakamwa. Limene anasainalo silinali la boma ayi, koma linali pepala ndithu, lonena bodza, ndipo dzina lake linali pansi pake. Amuuze? Ndipo amuuze kuti chiyani, iye mwini asakudziwa ngati anagonja kapena ayi?

"Eti, Oreste?" anatero Ersilia.

"Dzuka pang'ono, umwe madzi," anayankha.

Ersilia anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, akunyadirabe mwamuna wake.