Chitsulo Chodzutsa Bambo

Ndinayamba kudandaula sabata ya Pasaka chaka chatha, ndipo makope a makalata anga onse ndikusunga. Inu akomiti ya mpingo munachotsa chitsulo cha njanji chomwe chinkalendewera pamtengo wa mango, ati masiku ano aliyense amaona nthawi pafoni. Pamtengopo pangotsala waya.

Chisanabwere kutchalitchi kuno, chitsulocho chinali cha kuesiteti ya tiyi komwe ndinakulira. Kwathu kunalibe wotchi. Chikalira m'mawa, bambo ankadzuka, kubereka dengu kumsana, n'kulowa m'nkhungu. Ine ndinkaganiza kuti chimadzutsa munthu aliyense, kaya wagona motani.

Tsiku lina masana bambo, omwe ankadwala chifuwa, anagona osadzukanso. Amayi akulira, ine ndinathamangira kuchitsuloko n'kuyamba kuchimenya ndi mwala, dzimbiri likundigwera m'maso. Othyola tiyi anayamba kutuluka m'munda, poganiza kuti nthawi yoweruka yakwana.

A kapitawo anandigwira dzanja. "Iwe mwana, wapenga? Wakutuma ndani?"

"Ndikudzutsa ababa. Sakumva."

Anandiyang'ana, n'kuvula chipewa. Kenako anatenga nyundo n'kuyamba kuchiimba pang'onopang'ono, maimbidwe a maliro. Ine ndinathamangira kunyumba ndikusangalala, chifukwa chaimbidwa ndi munthu wamkulu, tsopano bambo amva.

Bambo sanasiye chithunzi, ndipo manda awo sindingawalozenso. Lamulungu lililonse ndinkawakumbukira chitsulocho chikalira. Choncho ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe, ndipo muyankhe molemba: chitsulocho munachiika kuti?