Yankho Lachinayi pa Kompyuta ya Sukulu

Anzanga, ine ndine munthu wopemphela ndipo bodza ndimaliopa, koma izi ndinaziona ndi maso angawa, dzuwa lili pamutu, m'kalasi modzaza ana.

Boma linali litangonditumiza kukaphunzitsa kompyuta pasukulu ina kuseli kwa Kacholola, kumene mabanja ambili anachokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Tsikulo ndinkaphunzitsa polimofizimu, musaope dzinalo, nkhani yake ndi yakuti lamulo limakhala limodzi koma chilichonse chimayankha mwa mtundu wake. Tinalemba pulogilamu ya mbuzi, galu ndi tambala, lamulo lake n'kukhala lakuti lankhula.

Nditadina, mbuzi inati mee, galu anauwa, tambala analila, ana n'kumafa nako kuseka. Kenako pakompyutapo panatuluka mzele wachinayi, m'Chinsenga. Ine Chinsenga chinali chisanandilowe, anawo ndiwo anandimasulila kuti wolembayo akuti akali pansi pa mtengo wa msekese pamene anamusiya, ndipo ludzu lamupweteka.

Ndinakalipa kuti ndani wasewela ndi makina, koma akanasewela nawo ndani, poti tinalemba onse akuona ndipo netiweki kumeneko kulibe? Ndinafufuta zonse n'kusiya mbuzi yokha. Mbuzi inayankha, mzele uja n'kubwelanso, ulendo uno ukufunsa ngati alongo ake anafika bwino.

Mtsikana wina wakutsogolo anagwa pampando n'kukomoka. Atatsitsimuka anatiuza kuti amai ake, pothawa nkhondo ali mwana, anakhazika kamlongo kawo pansi pa mtengo kuti iwo akatunge madzi, mfuti n'kulila, iwo n'kuthawa osabwelelakonso.

M'mawa mwake amaiwo anabwela ndi kapu yamadzi m'manja, nandigwadila, munthu wamkulu ndithu, kuti ndimuitanenso mwanayo amuuze kuti sanamuthawe dala. Mukanakhala inu mukanakana? Ndinadina. Inayankha mbuzi yokha. Anandipempha kuti ndiyesenso, ndinayesa mpaka batile la sola linatha. Anathila madziwo pakhomo pa kalasi, n'kumapita osatsanzika.

Anzanga a ku Petauke amati inali vailasi. Ine lelo ndimakhulupilila kuti ukaitana osatchula amene ukumufuna, aliyense amene wamva amayankha, ngakhale amene sanaikidwe m'manda. Inu aphunzitsi anzanga, musanalamule makina kuti alankhule, yambani mwafunsa kuti m'dela limenelo ndani akali kudikila kuitanidwa.