Wouzira Kaseti

Lero pochokera kusukulu ndadutsa pa shopu yotchajira mabatire, ndipo fungo la asidi landikumbutsa kwathu ku Ngara, ndili Sitandade 4.

Achimwene anga anali ndi gemu yolumikiza ku TV, yogula ku Kyela, yoyendera batire la galimoto. Loweruka anyamata ankadzaza pamphasa. Awiri ankamenyanitsa anthu a pa sikirini, wogonja n'kupereka padi, chogwirira cha mabatani, kwa wina. Ine ntchito yanga inali youzira kaseti ya gemuyo ikakana kuyaka. Ndinkauzira mpaka kumva chizungulire.

"Adumbu, nanga ine ndidzasewera liti?" ndinkawafunsa achimwenewo, kuwatchula mwa kwathu.

"Ukakhoza mayeso. Atsikana mumathyola mabatani."

Ndinakhozadi. Loweruka lotsatira ndinasenza ndekha batire kuchokera kotchajitsa, asidi n'kundiboolera diresi paphewa. Ndinauzira kaseti, gemu inayaka, ndinakhala pamphasa padi ili m'manja.

Anyamata anabwera koma sanalowe. Anaunjikana pansi pa mtengo wa mango, mitu pamodzi, maso pa foni yatsopano ya achimwene. Ankasewera ndi anthu akutali amene sanawaonepo n'komwe.

Ndinatuluka kukawaitana. "Adumbu, yayaka. Lero ndi ine."

Achimwene sanadzutse mutu. "Zachikale zimenezo. Ndakupatsa yonse, kasewere wekha. Usandisokoneze, bandulo ikutha."

Ndinabwerera m'nyumba. Munthu wanga pa sikirini anali atakunga zibakera, akudumphadumpha. Mnzake uja anangoima, chifukwa padi yake inalibe woigwira. Ndinamumenya, sanabwezere. Ndinamumenyabe mpaka anagwa, ndipo gemu inandiimbira nyimbo yoti ndapambana.