Mapasa Athu ndi Katemera wa Mmodzi

Ndinali ndi zaka khumi pamene amayi anabereka mapasa kwathu kwa Mavwere. Mwayi anabadwa wojintcha, koma Tadala, kalanga ine, anali kamwana kongokwana m'manja, kodwaladwala. Tsiku la sikelo amayi ankapita ndi Mwayi yekha kukabayitsa katemera. Ankati Tadala ayambe wakhwima, jakisoni angamutsirize. Sikuti ankamuda ayi, anali mantha a chikondi.

Ntchito yomubisa inali yanga. Alangizi a zaumoyo akangotulukira pa njinga, ndinkamuponya kumsana, ulendo kumunda wa mtedza. Tsiku lina anandipezerera panjira n'kufunsa ngati mwanayo anabayidwa. Ndinanama osaphethira n'komwe.

Mapasawo atayamba kuyenda, chikuku chinalowa m'mudzi nthawi yokumba mtedza. Mwayi sichinamukhudze. Tadala thupi linali moto, maso omatana ndi manthongo, kupuma kwake kochita kumvekera panja. Amayi anamutsekera m'nyumba masiku atatu, poti anthu ankati chikuku sichifuna mphepo. Kenaka Tadala anasiya kuyamwa, ngakhale kulira anasiya. Amayi ankangomugwedeza, akumutchula dzina, iye zii.

M'mawa wa tsiku lachinayi kunabwera amalume, alongo awo a amayi, kuchokera kumalire kumene ankagulitsa chimanga. Anaitanitsa mabuku a sikelo. La Mwayi linali lodzaza, la Tadala loyera ngati logula kumene. Anatembenukira kwa amayi.

"Mlongo wanga, ine ndinakwirira mwana wanga Yosefe chifukwa cha nzeru zomwezi. Wofookayu ndiye anayenera kuyamba kubayidwa. Nyamuka."

Anakweza amayi ndi Tadala pa njinga. Ine ndinathamanga pambuyo, Mwayi ali kumsana, fumbi lili m'kamwa, ndikuchonderera Mulungu kuti atenge ine wabodzane, asiye mwana. Njira ya kuchipatala sinatalikepo choncho.

Tadala anapulumuka, koma maso ake anachita ng'ala, onse awiri.

Kuyambira pamenepo amayi anasanduka ovuta m'banja lonse. Mwana akabadwa, ankamulondola mpaka katemera womaliza. Wanga woyamba, wobadwa masiku asanakwane, anamubereka okha kumsana kupita naye kusikelo, miyendo ikuwapweteka.

Lero ndikudziwa kuti mwana amene timamuopera kwambiri ndi amene matenda amayambira. Ifeyo tinazindikira mochedwa. Tadala amakhala nane, ndi mayi wamkulu tsopano. Ana anga amawasiyanitsa powasisita kumaso.