Njinga Yakuda ndi Mfuti ya Amalume

Ndikukumbukira mkuyu womwe unali m'munsi mwa chitunda, pafupi ndi kwathu ku Chiparamba, pomwe apolisi a pamsewu ankakonda kubisala. Ankabwera ndi kachipangizo kooneka ngati mfuti yopanda mpope, n'kumaloza galimoto iliyonse yotsika chitundacho. Mmodzi mwa iwo anali amalume anga, mlongo wawo wa amayi, munthu wamimba yake, wonunkhira polishi wa nsapato nthawi zonse.

Chaka chomwe ndinali giredi sikisi mtedza unabereka, ndipo atate anakagula njinga ku Chipata. Inali yakuda, belu lake lonyezimira, pulasitiki adakali pachishalo, ndipo fungo la matayala atsopano linadzaza nyumba yonse. Anati ndi yoti ine ndi mng'ono wanga Yotamu tizipitira kusukulu, koma woyendetsa akhale mmodzi, winayo azikhala pakaliyala. Ine sindinaonepo chokambirana, poti wamkulu ndinali ine. Koma atate anangoti, "Tiona."

Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, amayi anatituma kukapereka madzi akumwa kwa amalume. Atate anabwera pambuyo akukankha njinga ija. Msewu unali zii, choncho ndinafunsa amalume kuti mfuti yawoyo imadziwa bwanji liwiro la galimoto isanafike n'komwe. Anati imatulutsa mafunde osaoneka, onga a wailesi, omwe amakagunda galimoto n'kubwerera. Galimoto ikamabwera mothamanga, mafundewo amabwerera atapanikizana, ndipo chipangizocho chimawerengera kupanikizanako n'kulemba nambala pakagalasi. Atatero anatsinzinira atate, nati aliyense wa ife akwere pamwamba pachitunda, atsike panjinga, iwo atiyeze.

Ndinangoti laponda lamphawi. Mpikisano wothamanga, ndi Yotamu?

Ndinayamba ndine. Ndinapalasa mpaka tcheni kulira, mphepo ikunditulutsa misozi, malaya akukupiza kumsana. Mbuzi za a Zulu, anansi athu, zomwe zinkawoloka zinabalalika, ina ndinaikhudza mchira. Mabuleki ndinawakumbukira mochedwa, moti ndinakaima kutali, mkuyu nditaupitirira. Pobwerera ndinapeza amalume akuimba mluzu, akuonetsa anzawo nambala yanga, onse akupukusa mitu. Ndinatukumula chifuwa.

Kenako anatsika Yotamu, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yonyamula mazira. Mbuzi anaziimbira belu, anazidikira kuti zidutse, n'kudzaima pamapazi pa atate penipeni. Nambala yake inali yochititsa manyazi, ndipo ndinaseka mpaka kugwira mawondo.

"Alamu, mwadzionera nokha," anatero amalume. "Wamkuluyu akanakhala galimoto, bwenzi nditamulembera mlandu lero lomwe. Njinga mupatseni wamng'onoyo."

Ndinali nditaona madalaivala ambirimbiri akuimitsidwa pamkuyu paja, koma sindinaganizepo kuti mfuti imeneyo sinapatsepo munthu mphoto. Imafuna wolakwa, ndipo ine ndinadzipereka ndekha, ndikumwetulira.

Nsanje yomwe inandigwira sindingaibise. Kukhala pakaliyala, mng'ono wanga akuyendetsa, atsikana a m'kalasi mwanga akuona? Ndinasankha kuyenda wapansi, m'fumbi ndi m'matope momwe, mpaka ndinamaliza pulayimale. Madzulo ndinkamuyang'ana cham'mbali akupukuta masipoko ndi kansanza, mtima ukutentha ngati ndameza khala. Kutchalitchi anzanga akamapempherera mvula, ine ndinkapempherera minga. Chomwe chinkandipweteka koposa n'chakuti Yotamu sanadzitame ngakhale tsiku limodzi. Ankandipeza panjira, n'kutsika, n'kumayenda nane akukankha njinga, mpaka ine nditamukalipira kuti azipita. Munthu wabwino amavuta kumuda, koma ndinayesetsa ndithu.

Masiku ano zinthu zinasintha. Amalume anatisiya, mkuyu anaudula pokuza msewu, ndipo makamera ena amangoima okha pamitengo yachitsulo. Mafunde ndi omwe aja, koma tsopano kamera imajambulanso nambala ya galimoto, mlandu n'kukupeza kunyumba. Palibe womutsinzinira, palibe womuchonderera. Ana anga aliyense ali ndi njinga yake, ndipo nkhaniyi akaimva amangoseka.

Mwezi watha tinali ndi maliro a wachibale ku Lusaka. Ine galimoto ndilibe, Yotamu ali nayo, ndipo ndalama ya basi inali yovuta. Anadzanditenga m'mawa, mkazi wake, mlamu wanga, atakhala kale kutsogolo. Ndinaima pakhomo kanthawi ndi chikwama m'manja, imvi zili mbuu kumutu, kenako ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kulowa. Yotamu anangokonza kagalasi kake bwinobwino n'kuliza injini. Njira yonse anayendetsa mofatsa, ndipo makamera onse tinawadutsa popanda vuto. Ine ndinkangoyang'ana nkhongo yake, mtima ukuwawa ngati wa mwana wa giredi sikisi.